Ufa wobiriwira wa Naphiri ukukana kuyezedwa

Naphiri: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndikudziwa gulu lino ndi la maliro, zopereka ndi mpira koma ndathedwa nzeru ndipo muno muli anthu odziwa za magetsi. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi ya polyaniline, ndi pulasitiki koma imadutsa magetsi pang'ono, ndinaipanga ndekha mu labu inatuluka ufa wobiriwira moderako ngati mfutso, nde vuto lili poyeza. Makina oyezera akusukulu anafa kalekale akuti akudikira spare, ine ndikugwiritsa ntchito multimeter ya achimwene anga, ndikagunditsa pa kapiritsi kamene ndinadinda ndi ufawo mita ikuti 300 ohms, ndikakanikiza ikuti 80, ndikangosuntha dzanja ikuti 1200, nde mu lipoti ndilembe iti? Presentation yatsala masabata atatu 😭

Kamwana ka ku Epworth: pulasitiki yodutsa magetsi?? nanga mawaya a m'nyumba timawakuta ndi chani achemwali kkkk mutiphetsa inu

Admin: Funso la mwana lalandiridwa. Bola pasabwere zithunzi 40, bundle yadula

Bambo Banda a ma TV: Mwana wanga zimenezo ine ndimaziona tsiku ndi tsiku pa benchi. Mitayo sikuyeza ufa wako ayi, ikuyeza pamene nsonga ya probe yakhudzana ndi ufawo. Tagunditsa ma probe awiriwo okhaokha, uona ikuonetsa kale 0.3 kapena 0.5, imeneyo ndi ya mawaya chabe. Tsono pa chinthu chokhakhala ngati chakocho nsonga imangogwira timitu tingapo ta ufa, nde resistance ya pokhudzanapo imaposa ya chinthu chenichenicho kutalitali. Ukakanikiza itsika, ukamasula ikwera. Manambala atatu onsewo usalembe ngakhale imodzi

Naphiri: Eeh bambo mwandiziziritsa nkhongono. Nde ndikulunge waya wa kopa mbali zonse kuti ugwire bwino?

Nachisale wa ku Msasa: Ayi mng'ono wanga kopa usayerekeze, mu ufawo muli asidi wa HCl, masiku awiri okha upeza wayayo wachita dzimbiri lobiriwira kenako uzidzayeza dzimbirilo. Koma tisanafike koyeza tandiuza kaye unapanga bwanji ndipo unatsuka ndi chani, chifukwa ine zaka zonse ndakhala mu labu ya madzi ndaona kuti anthu ambiri amalakwira potsuka

Naphiri: Sisi ndinatsata njira ija yodziwika, 2.59 g ya aniline hydrochloride m'madzi mpaka 50 mL, kwina 5.71 g ya ammonium persulfate mpaka 50 mL, kenako kusakaniza. Poyamba palibe chochitika madzi ali mbuu ndinayamba kuganiza kuti mankhwala ndi akale, patapita timphindi kunayamba kubwera ka buluu kotuwa, kenako buluu wakuda bii ndipo beaker inafunda m'manja, pomaliza zonse zinasanduka phala lobiriwira ndipo ngakhale galasi la beaker linamata kachikopa kobiriwira kosachoka ndi sopo. Ndinasiya usiku wonse, mawa lake kusefa. Ulendo woyamba ndinatsuka ndi HCl wa 0.2 M kenako acetone. Ulendo wachiwiri distilled water inali itatha, magetsi kunalibe oti tipangire ina, nde ndinatsuka ndi madzi a pa borehole ambirimbiri mpaka otuluka pansi anayera

Nachisale wa ku Msasa: Ufa wachiwiriwo ukuoneka bwanji mtundu

Naphiri: Ukupita ku buluu, ndimaganiza kuti wayera bwino kuposa woyamba

Nachisale wa ku Msasa: Kkkk mayo ine. Wayera zoona koma wachotsa chimene chimaupatsa mphamvu. Wobiriwirawo dzina lake emeraldine salt, ndi umene umadutsa magetsi, ndipo umatero chifukwa asidi wakhala pa ma nitrogen a mu tcheni chija. Ukauthira madzi ochuluka asidi amachoka pang'onopang'ono, nde madzi a borehole ambiri amakhala ndi bicarbonate amene amapha asidi mwachangu. Chotsala ndi emeraldine base, ya buluu, imene ikakhala yeniyeni monga yotsukidwa ndi ammonia imakana magetsi pafupifupi ngati pulasitiki wamba. Usautaye, wapeza ma sample awiri osiyana popanda kufuna, lipoti lako likoma nawo

Aphunzitsi a ku Highfield: Ndiloleni ndimuyankhe mnyamata wa ku Epworth chifukwa funso lake ndi labwino ngakhale wafunsa moseka. Pulasitiki yokutira mawaya, PVC, ma carbon ake amagwirana ndi bond imodzi imodzi ndipo ma electron onse ndi omangika, alibe kopita. Koma pali mapulasitiki ena amene mu tcheni chawo ma bond amasinthana, imodzi, ziwiri, imodzi, ziwiri, mpaka kumapeto. Pamenepo ma electron ena amakhala omasukirapo. Komabe paokha sayenda kwenikweni, zili ngati kombi yodzaza thothotho, palibe angasunthe mpaka wina atsike. Kuchotsamo ma electron ena kapena kuthiramo asidi kuti mipata ipezeke ndiye amati doping. Nkhaniyi inayambira ku Tokyo mu labu imene Hideki Shirakawa ankagwiramo ntchito, kumene munthu wina popanga polyacetylene anathira catalyst yochuluka kuwirikiza pafupifupi 1000, m'malo mwa ufa wakuda kunatuluka kachikopa konyezimira ngati siliva. Shirakawa anadzapita ku University of Pennsylvania kukagwira ntchito ndi Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger, anafukiza kachikopako ndi nthunzi ya iodine ndipo kadutsidwe ka magetsi kanakwera kuwirikiza mamiliyoni. Analengeza mu 1977, mphoto ya Nobel analandira mu 2000 onse atatu

Kamwana ka ku Epworth: nde munthu kulakwitsa muyezo mpaka Nobel, ine ndikalakwitsa mchere mu ndiwo ndimangolandira mbama

Aphunzitsi a ku Highfield: Wolakwitsayo sanalandire nawo mwana wanga, analandira amene anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndiponso polyaniline ya Naphiri ndi yakale kuposa pamenepo, Henry Letheby wa ku London anaiona kale mu 1862, anthu ankangoidziwa ngati utoto

Bambo Banda a ma TV: Aphunzitsi mbiri yakwana tibwerere ku mita. Naphiri chofunika ndi nsonga zinayi osati ziwiri. Uziike pa mzere umodzi, ziwiri zakunja zilowetse current, ziwiri zamkati upimire voltage ndi mita ina. Chinsinsi chake nchakuti mita ikakhala pa voltage mkati mwake muli ma megohm 10, simakoka current yoti nkuitchula, nde kaya nsonga zamkatizo zagwira bwino kaya moipa palibe voltage yotayika pokhudzanapo. Zakunjazo zigwire moipa bwanji zilibe kanthu chifukwa current ukuiwerenga pa mita yoyamba. Ife timatero poyeza ma shunt a mu inverter amene safika ndi ohm imodzi yomwe. Nsonga usagule, pa motherboard yakufa pali ma header pin okutidwa ndi golide, atalikirana 2.54 mm ndendende, udula anayi basi. Golide asidi samudya

Naphiri: Current ndiitenga kuti bambo, power supply ya mu labu imafuna magetsi ndipo sabata ino akubwera 10 koloko usiku

Bambo Banda a ma TV: Batire la 9V ndi kachipangizo kowongolera magetsi kotchedwa LM317. Pakati pa mwendo wa OUT ndi wa ADJ uikepo resistor ya 120 ohms, current utengere ku ADJ. Kachipangizo kameneko kamasunga 1.25 V pa resistor nde 1.25 kugawa ndi 120 ndi 10.4 mA, sisuntha ngakhale batire litayamba kufooka

Mjomba wa ma solar: Bwanji osaika 1.2k kuti ikhale 1 mA? 10 mA itenthetsa sample

Bambo Banda a ma TV: LM317 pa 1 mA imachita misala achimwene, imafuna katundu wa ma mA angapo kuti ikhazikike. Komanso werengani, ngati kapiritsiko ndi ka ohm imodzi ndi theka 1 mA ipereka 1.5 mV, pa mita ya m'mashopu a ku Gulf Complex kuno ku Harare imene imawerenga 0.1 mV mudzangoona manambala akuvina. Kutentha kwake pa 10 mA sikufika ngakhale milliwatt imodzi mkati mwa sample

Mjomba wa ma solar: Chabwino mwawina koma pokhudzana ma pin akunja pazifundabe, asamasiye yoyaka nthawi yaitali

Bambo Banda a ma TV: Apo nde mwanena zoona. Ayatse, awerenge, azimitse

Nachisale wa ku Msasa: Ndipo uziyeza kawiri, kenako utembenuze mawaya a current uyezenso, utenge pakatikati. Zitsulo zosiyana zikakhudzana pamabadwa ka voltage kakang'ono ka kutentha, ukatembenuza kamadzichotsa kokha. Tsono masamu. M'mabuku upeza kuti sheet resistance, ndiye kuti resistance usanawerengere kunenepa kwa sample, ndi 4.53 kuchulukitsa V (voltage) kugawa ndi I (current), koma samala, 4.53 imeneyo ndi ya sample yopyapyala komanso yotambalala kwambiri kuyerekeza ndi mpata wa ma pin. Kapiritsi kako ndi kotambalala bwanji?

Naphiri: 13 mm, ndinabwereka die, chikombole chachitsulo chodindira timapiritsi, ija amadindira KBr ya makina a infrared. Kunenepa kwake pafupifupi 1 mm

Nachisale wa ku Msasa: 13 kugawa ndi 2.54 ndi 5 ndi kanthu kochepa. Pamenepo current imapanikizika ndi m'mphepete nde factor imatsika kufika cha m'ma 3.4, ndipo ma pin akhale pakati penipeni. Kunenepako kuli bwino chifukwa sikufika theka la mpata wa ma pin. Ukapeza sheet resistance uchulukitse ndi kunenepa mu cm, imeneyo ndi resistivity, 1 kugawa ndi imeneyo ndi conductivity, kadutsidwe ka magetsi, mu S/cm (siemens pa cm). Kunenepa upime ndi micrometer malo atatu kapena anayi osati rula chonde

Aphunzitsi a ku Highfield: Ine ndikanakonda njira ya van der Pauw, ija ya mu 1958 ya ku Philips. Nsonga zinayi m'mphepete mwa kapiritsi, current ilowe ziwiri zoyandikana, voltage pa ziwiri zinazo, kenako kuzungulira. Sifuna tebulo la ma factor ndipo silabadira kuti sample ndi yozungulira kapena ayi, bola ikhale yonenepa mofanana ndi yopanda bowo

Nachisale wa ku Msasa: Ndi yabwino aphunzitsi sindikukana koma imafuna timadontho ting'onoting'ono ta silver paint m'mphepete penipeni, kabotolo kake mtengo wake mwana wasukulu alira, ndipo m'mphepete mwa kapiritsi ka ufa ndi momwe mumagumuka msanga. Ayambe ndi ya mzere, nthawi ikatsala ayese inayo afananize

Aphunzitsi a ku Highfield: Ndagonja koma mu lipoti aitchule, ma examiner amaikonda

Naphiri: Vuto lina timapiritsi tanga tikumafumbutuka, press ya mu labu ikudontha oil sikufika pa mphamvu

Malume a ku Siyaso: Mphwanga bwera nayo die yakoyo ku Magaba Loweruka, ndili ndi press yochotsera ma bearing ya jeke ya matani 10 ili ndi geji yake. Ukufuna matani angati

Nachisale wa ku Msasa: Pa 13 mm anthu amafika cha m'ma 700 MPa, amenewo ndi matani 9 ndi theka, koma aone kaye pa die palembedwa malire ake, zambiri ndi matani 10. Chachikulu timapiritsi tonse tidindidwe ndi mphamvu yofanana ndi mphindi zofanana, apo ayi uzidzafananiza kadindidwe osati chemistry. Ufa wosagwirana bwino magetsi amavutika kudumpha kuchoka pa kambewu kena kupita pa kena. Ukamaliza die uitsuke nthawi yomweyo, asidi amadya chitsulo ndipo mwini wake sadzakubwerekanso

Malume a ku Siyaso: Matani 8 mphindi zisanu aliyense, sindikufuna kulipira die ya eni

Nangozo nesi: Ine za ma ohm sindikuzimva koma ndamva aniline. Mwana iwe uzivala magolovesi, chinthu chimenecho chimalowa pakhungu nkukasokoneza magazi kuti asanyamule mpweya, munthu milomo ndi zikhadabo zimachita buluu mutu nkumawawa. Ukaona choncho thamangira kuchipatala usadikire. Ndipo zosakanizazo usapangire kunyumba ku Mufakose mu kapu ya tiyi

Naphiri: Ayi anti zosakaniza ndi mu labu mu fume hood, kwa malume ndingopita ndi ufa wouma mu kabotolo kotseka

Admin: Tikukumbutsana kuti zopereka za mwezi uno zitseka Lachisanu, asayansi inunso zikukukhudzani

Bambo Banda a ma TV: Naphiri ukachoka ku Siyaso udutse pa shopu, ma pin ndakudulira kale ndawamata pa kathabwa ndi hinji kuti azitsika mowongoka, pamwamba uziikapo mwala womwewo nthawi zonse kuti kukanikiza kuzifanana. Nsonga ndazipala pang'ono zisaboole

Naphiri: Akuluakulu ndabwerako!! Timapiritsi ta malume tatuluka tonyezimira ngati mabatani a jekete, wobiriwira uja akuoneka wakuda ndithu. Tayeza pa benchi ya bambo Banda. Koyamba, kotsukidwa ndi HCl, kunenepa 0.9 mm, current 10.4 mA, voltage 15.2 mV kutembenuza 14.4 mV nde pakati 14.8. Ndachotsa ndi kubwezera ma pin kasanu manambala akungosiyana pang'ono, ndinatsala pang'ono kulira. V pa I ndi 1.42 ohms, kuchulukitsa 3.4 ndi 4.8, kuchulukitsa 0.09 cm ndi 0.43, nde conductivity 2.3 S/cm. Chinthu chomwe mita inkati 300 ohms chija

Nachisale wa ku Msasa: Wagwira ntchito. Ukanagwiritsa 4.53 ukanapeza 1.7 nkudzibera wekha. Ndipo 2.3 ndi nambala yaulemu, njira imene watsatayo ma labu angapo a m'mayiko osiyana anaiyesa pansi pa IUPAC, bungwe la akatswiri a chemistry la padziko lonse, nkulengeza mu 2002, ankapeza cha m'ma 4 S/cm. Uli m'banja lomwelo

Kamwana ka ku Epworth: 2.3 nde zambiri kapena zochepa, tingakokere magetsi ku Kariba?

Aphunzitsi a ku Highfield: Kopa ali pafupi ndi 600,000 S/cm mwana wanga, ku Kariba tisiyire kopa ndi aluminium. Koma galasi ndi PVC zili pansi kwambiri moti maziro ake ukhoza kutopa kulemba. Za Naphiri zili pakati, nchifukwa chake akuti semiconducting

Naphiri: Ka borehole nde kanatichititsa manyazi, LM317 inakanika kukankha 10 mA, bambo anaichotsa nkulumikiza batire mwachindunji kudzera pa mita. Current 0.05 mA yokha, pakati 1.9 V, kunenepa 1.0 mm, ndikupeza 0.00008 S/cm. Kusiyana pafupifupi ka 30,000 chifukwa cha madzi otsukira basi

Nachisale wa ku Msasa: Ndipo sikanafike pa base yeniyeni, asidi wina akadalimo. Tenga ufa wotsalawo ugawe pawiri, wina unyike mu HCl wa 1 M usiku wonse uone ubwerera ku girini, wina mu ammonia ufike buluu weniweni. Wa ammoniawo mita yanu siutha, ungolemba kuti uli pansi pa malire a chipangizo, osapeka nambala

Bambo Banda a ma TV: Chimene chandidabwitsa ine ndi ichi. Ndinatenga hot air ija yochotsera ma IC ndinaiika patali kuti ingofunditsa, voltage inayamba kutsika current ili pomwepo. Waya wa kopa ukatentha resistance imakwera, ichi chikutsika ngati thermistor

Aphunzitsi a ku Highfield: Umenewo ndi umboni wabwino kuposa nambala ija. Mu chitsulo ma electron ndi omasuka kale, kutentha kumangogwedeza ma atomu nkuwatchingira njira. Mu ufa wa Naphiri matcheni apiringizana ngati ma noodles a m'paketi aja ana amakonda, pena ayalana bwino pena asokonekera, nde charge imayenda modumpha kuchoka pa chilumba china kupita pa china, kutentha ndi kumene kumaipatsa mphamvu yodumphira. Amati hopping, dzina la wasayansi Nevill Mott ulipeza pamenepo. Naphiri uyeze pa ma temperature angapo, m'madzi a ayisi, a chipinda, ofunda, sample ili mu kathumba kouma, ujambule graph

Nachisale wa ku Msasa: Koma hot air musapitirire nayo, mukawotcha kwambiri chinyezi ndi HCl zimathawa nde resistance ikwera osabwereranso. Chinyezi chimathandiza polyaniline kudutsa magetsi, zimene wayeza mu October wouma uno mvula ikayamba upeza zasinthako. Uzilemba tsiku ndi nyengo pa muyezo uliwonse ndipo timapiritsi uzisunga mu botolo limodzi ndi silica gel

Mjomba wa ma solar: Funso langa nlakuti zimenezi zimagwira ntchito pati, kapena ndi zongolembera mayeso

Nachisale wa ku Msasa: Bambo Banda amazigwira daily osadziwa. Ma capacitor aja a pa motherboard amene satupa pamwamba, olembedwa solid kapena polymer, mkati mwake m'malo mwa madzi muli pulasitiki yodutsa magetsi, kawirikawiri PEDOT imene inapangidwa ndi Bayer ku Germany cha kumapeto kwa ma 1980. Mtundu wake wa m'madzi PEDOT:PSS ukauthira mankhwala amadzimadzi otchedwa DMSO pang'ono umafika mpaka cha m'ma 1000 S/cm ndipo kachikopa kake kamaonekera, amaupaka kuti zinthu zisagwire static

Bambo Banda a ma TV: Aaa nchifukwa chake ESR yake, resistance ya mkati mwa capacitor, imakhala yotsika chonchija! Zaka zonsezi ndimangoti ndi ma capacitor odula

Mjomba wa ma solar: Nanga ma panel apulasitiki ndinawaona pa YouTube aja

Aphunzitsi a ku Highfield: Alipo, otchuka poyamba anali a pulasitiki yotchedwa P3HT, amapindika ndipo ndi opepuka koma mpweya ndi dzuwa zimawakalambitsa msanga, charge imayendamonso pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi mu silicon. Pa denga la ku Budiriro pitirizani ndi silicon. Ku Cambridge mu 1990 gulu la Richard Friend linayatsa kuwala ndi polymer yotchedwa PPV

Kamwana ka ku Epworth: nde screen ya foni yanga ndi ufa wa achemwali

Nachisale wa ku Msasa: Ayi, ma screen a OLED a mafoni ambiri ndi a timamolekyu ting'onoting'ono osati matcheni ataliatali, ndi pachibale chabe. Iwe Naphiri beaker ija yomata girini usaitsuke kaye, ulendo wotsatira uviikemo ka slide ka galasi pomwe ukusakaniza, katuluka ndi kachikopa kopyapyala, ukakayandikiza pa botolo la ammonia kasanduka buluu maso akuona, ukakabweza pa nthunzi ya HCl girini. Pa presentation anthu adzadzuka

Naphiri: Ndichita Lolemba sisi. Supervisor ndamutumizira chithunzi cha kathabwa ka bambo Banda wayankha kuti ndibwere nako akaone, akuti anzanga awiri a polypyrrole, pulasitiki ina yodutsa magetsi, nawonso akuvutika ndi mita. Bambo mungapangenso tiwiri? Alipira

Bambo Banda a ma TV: Abwere ndi ma motherboard awo akufa, anga atha. Ndipo mita yanga ya Fluke ibwere Lachitatu, ndili ndi ma TV atatu akudikira

Malume a ku Siyaso: Auzenso anzakowo kuti press Loweruka m'mawa yokha, masana ndimakhala ndi ma kombi

Admin: Naphiri dzina lako silikuoneka pa list ya zopereka

Naphiri: Ndatumiza pa EcoCash pompano a Admin, taonani 🙈